Mphindi Zisanu ndi Zitatu za Phuma

Mutu 5

1. Mzere wogona

Dzina lake lenileni linkapezeka m'kaundula wa sukulu mokha. Kwina konse ankangomuti Phuma, ndipo amene anamupatsa dzinalo sanamulakwire. Mayeso ankamaliza woyamba, tsamba lakumbuyo osaliona. Akamutuma, ankaliyatsa liwiro asanamve n'komwe kumene akumutumako.

Ndiye tangoganizani, munthu wotereyu ndi amene aphunzitsi a fizikisi anamupatsa kiyi wa labu kuti azisamala makina omvera dzuwa. Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Aphunzitsiwo, amene ana ankawatcha a Maginito, sanaseke nawo. Anati mu Fomu 3 yonse munalibe mutu wakuthwa ngati wa mtsikanayu, chimene chinkamusowa n'kudikira basi.

Amene anapanga makinawo anali bambo ake a Phuma, a Mawaya, okonza mawailesi kuseri kwa msika. Kanali kabokosi kachitsulo kokula ngati buledi, kolumikizidwa ku eriyo ya waya wamkuwa wozengezedwa pa matabwa awiri opingasa. Eriyoyo inkatola mafunde a siteshoni ina ya wailesi yakutali kwambiri, amene amafika atanjanja pa mpweya wa kumwamba kwenikweni. Padzuwa pakaphulika, mpweya umenewo umasintha mwadzidzidzi, mafunde aja n'kukula mphamvu. Kompyuta yakale ya mu labu inkalemba nambala imodzi pa mphindi iliyonse, n'kumajambula mzere.

Chionetsero cha sayansi cha masukulu chinali ndi lamulo lake. Pankafunika manambala a miyezi iwiri yathunthu, makina osakhudzidwa. Akangotsegulidwa, kuwerenga masiku kuyambirenso. Miyezi iwiriyo ikakwana, pa chikwangwani cha sukulu padzalembedwa kuti makinawa anatuluka m'manja mwa a Mawaya.

Musaione yaing'ono nkhani imeneyi. Masiku ano anthu amamvera nyimbo pa foni, ndipo wailesi ikafa amangoitaya. Anyamata ogulitsa mafoni moyang'anana ndi shopu ya a Mawaya ankawatcha adokotala a mitembo. Bambowo ankangoseka nawo, koma Phuma ankadziwa kuti mawuwo ankawalasa. Makinawa anawapanga masabata asanu, ndipo tsiku lokawapereka kusukulu anavala jekete.

Vuto linali limodzi. Panatha masabata asanu ndi limodzi, koma masana onse mzere uja unkangogona, osadumpha ngakhale pang'ono.

2. Dontho lakuda

Lolemba masana a Maginito anatulutsa katelesikopu ka sukulu pabwalo. Lamulo lawo aliyense ankalidziwa: diso silifika pagalasi. Dzuwa ankalionera pa pepala loyera limene mmodzi ankaligwira kumbuyo kwa katelesikopuko.

"Amene akufuna kuyamba kuyenda ndi ndodo mawa, asuzumire," ankatero nthawi zonse.

Papepalapo dzuwa linaoneka ngati mbale yoyera. Chakumanzere kwake kunali dontho lakuda, ndi timadontho tina tomatirira m'mbali.

"Kameneko?" anafunsa Kalilole, mnzake wa Phuma wa pa desiki, amene sankadutsa pawindo osadziyang'anira. "Ine ndimayesa ntchentche yasiyapo zake."

"Ntchentche yakoyo ndiye ndi yaikulu," anayankha a Maginito. "Dziko lathu lonseli likhoza kulowa m'dontho limeneli kangapo."

Anatulutsa mphira wa legeni m'thumba n'kupatsa Phuma kuti agwire mbali imodzi.

"Pamwamba pa dontho ili pali zingwe za mphamvu ya maginito, zosaoneka ndi maso. Zimatuluka m'dzuwa, zimapinda, n'kulowanso. Tsono dzuwa si mwala ayi. Ndi mpweya wotentha wosakhazikika, umangotakataka. Ukamatakataka choncho, umapota zingwe zija." Anayamba kupota mphira. "Lero kupota, mawa kupota, mphamvu ikungosonkhana. Kenako zingwe ziwiri zoyang'ana kosiyana zimapanikizana, zimaduka, n'kulumikizana mwa njira ina yachidule. Mphamvu yonse imene inasungidwa kwa masiku ambiri imatuluka m'mphindi zochepa."

Anapana kapepala kopinda pakati pa mphira, anakoka, n'kutaya. Thwa! Kapepala kanakamenya khoma la kalasi.

"Kapepala kaja ndi maelekitironi ndi mapulotoni, tizinthu ting'onoting'ono kwambiri. Timaponyedwa pa liwiro loyandikira la kuwala. Tina timabwerera kukamenya m'munsi, padzuwa pomwepo. Pamalopo pamatentha madigiri mamiliyoni ambiri, ndipo pamatuluka cheza champhamvu, cha mtundu uja amaunikira mafupa kuchipatala. Cheza chimenecho chimayenda mphindi zisanu ndi zitatu kuti chifike kuno, ndipo ndicho makina athu amachimva. Tizinthu tina timathawira kunja. Timeneto timafika pambuyo pake, n'kumavutitsa masetilaiti."

"Ndiye paphulika liti, aphunzitsi?" anafunsa Phuma.

"Mwina mawa. Mwina osaphulika n'komwe."

"Nanga akatswiri aja sadziwa?"

"Amadziwa kuti chingwe chapotedwa. Ola limene chiduke palibe akulidziwa."

Yankho limenelo silinamukomere Phuma. Dontho lalikulu chonchija, koma mzere wake ukungogona? Thupi lonse linayamba kumuyabwa.

3. Manja m'thumba

Ataweruka sanapite kunyumba. Anathamangira kushopu, ndipo anawapeza bambo ake atawerama pa tebulo, magalasi ali kunsonga ya mphuno, kautsi ka mtovu kakukwera pang'onopang'ono. Mashelefu onse anali odzaza ndi mawailesi amene eni ake anawaiwala kalekale.

"Bambo, makina aja sakugwira ntchito."

"Moni wako wathera panjira? Takhala pansi."

Phuma anapereka moni n'kukhala kunsonga kwa benchi.

"Padzuwa pali dontho lalikulu, bambo, koma mzere ukungogona. Mwina m'kati mwamasuka waya. Bwanji nditsegule, ndingosuzumira pang'ono?"

A Mawaya anaika chowotcherera pa chitsulo chake n'kuvula magalasi.

"Tamvera, mwana iwe. Ukuwaona mawailesi ali pamwambawa? Theka la amenewa sanafe okha ayi, anaphedwa ndi eni ake. Munthu wamva kaphokoso pang'ono, watenga mpeni wa kukhitchini, watsegula. Akamabwera nayo kuno amati, 'Yangosiya yokha.' Ine ndimangovomera, nanga n'kukangana ndi kasitomala? Pa ntchito yathuyi lamulo loyamba ndi ili: chinthu chikamagwira ntchito, manja m'thumba.

"Ukuti mzere ukugona. Nanga ukufuna uzivina? Mzere wogonawo ukukuuza zoona, kuti kumwamba kuli bata. Makina oopsa ndi amene amalankhula popanda chonena. Angawo ndinawayesa chidutswa chilichonse, osati kamodzi. Akafa, ndikuuza ndine. Dzuwa silinapangane nawe tsiku, ndipo silichita manyazi kukudikiritsa. Linalipo iwe usanabadwe, silingayambe kuthamanga lero chifukwa mwana wa a Mawaya watopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu. Kabokosi kaja usakakhudze. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi.

4. Kunsi kwa kabati

Lachiwiri mzere unagona. Lachitatu m'mawa unagonanso. Belu la buleki litalira 10 koloko, anzake anathamangira panja, Phuma n'kulowera ku labu. M'thumba la yunifolomu munali sikuludiraiva ya bambo ake, imene anaitenga osapempha.

"Mphindi ziwiri zokha," anadziuza. Anazimitsa makina nthawi ili 10:05.

Anamasula masikulu anayi n'kuchotsa chivindikiro. M'katimo zonse zinali mwadongosolo. Panalibe chomasuka, panalibe chopserera. Manyazi anamugwira ali yekhayekha. Anati abwezere msangamsanga, chigongono chinakola waya wa eriyo, waya n'kuthothoka pomwe anamangidwa. Anati agwire waya, sikulu imodzi inagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa kabati ya mabotolo.

Koma abale, phuma ndi matenda! Anagwada, anagona chafufumimba, anapisa rula. Belu lolowera m'kalasi linalira iye ali pansi pomwepo, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Sikulu ataipeza, waya uja anakana kukhala. Kupota, kumasuka. Kupotanso, kumasukanso. Kachitatu ndiye anagwira. Pamene ankayatsanso makina, wotchi ya pa kompyuta inali pa 10:45.

Mzere unatulukira pamwamba penipeni, pamene sunafikepo chiyambire, ndipo unkatsika pang'onopang'ono.

"Mayo ine, ndawononga," ananong'ona.

Anakiya labu n'kukalowa m'kalasi mozemba. Za masamu a tsiku limenelo musamufunse, sanamvepo kanthu.

Nthawi ya nkhomaliro a Maginito anatulukira pakhonde akuthamanga, tayi ili paphewa, foni ili m'mwamba. Munthu wamkulu kuthamanga chonchija, ana onse anaima kuwayang'ana.

"Phuma! Dzuwa laphulika! Kuphulika kwake si kwamasewera. Taona apa, nthawi ndaisintha kale kukhala yathu ino. Kunayamba 10:14, kunafika pachimake 10:22. Makina athu ayenera kuti agwira. Ndikulowa mumsonkhano wa aphunzitsi, ndikatuluka ndikupeze ku labu!"

Phuma anawerengera nthawi m'mutu. Masabata asanu ndi limodzi akudikira, ndipo dzuwa linasankha mphindi zomwezo zimene iye anali kunsi kwa kabati.

5. Timabokosi topanda kanthu

Kalilole anamutsatira ku labu, ndipo Phuma anamuuza zonse misozi ili m'maso. Pa kompyuta, kuchokera 10:05 kufika 10:45, panali timabokosi makumi anayi topanda nambala.

"Ndiye ukulira chiyani?" anatero Kalilole. "Si timabokosi tongofuna kudzaza iti? Chinthucho chachitikadi, aphunzitsi anena okha. Sikuti ukulengeza maliro a munthu wamoyo."

"Limenelo ndi bodza."

"Bodza lake liti? Makina akanakhala oyaka akanalemba zomwezo. Iwe ukungowathandiza. Kapena ukufuna ukawauze bambo ako kuti unatsegula? Kumeneko ndiye upite wekha, ine sindikuperekeza."

Pakhoma, pamwamba pa kompyuta, panali pepala limene a Maginito anamata tsiku loyamba. Tsikulo analiwerenga mokweza gulu lonse la sayansi litaimirira. Linali ndi mawu awa:

"Chimene simunaone, musalembe. Magetsi akazima, siyani mpata, lembani pambali kuti magetsi anazima. Mukalakwitsa, siyani mpata, lembani pambali kuti ndinalakwitsa. Mpata suchititsa manyazi. Anthu ofufuza za dzuwa sangapite kukaligwira ndi manja. Amadalira manambala a anzawo amene sanawaonepo nkhope. Nambala imodzi yopeka imaipitsa zikwi za manambala oona, chifukwa palibenso angadziwe kuti yoona ndi iti. Wonama m'sayansi sanamiza mphunzitsi wake yekha. Amanamiza aliyense amene adzawerenge pambuyo pake, ngakhale amene sanabadwe."

Phuma anawerenga pepalalo mpaka pansi. Kenako anaganiza za bambo ake ndi anyamata a mafoni aja. Chionetsero chinali chitatsala masabata atatu okha, ndipo kuyambiranso miyezi iwiri kunali kosatheka. Akanena zoona, pa chikwangwani sipadzalembedwa kanthu. Anakoka mpando.

Maonekedwe a mzere wa kuphulika ankawadziwa, anawaona m'buku. Umakwera mofulumira, n'kutsika mwaulesi. Mchira wake weniweni unalipo kale, kuyambira 10:45. Chosowa chinali mutu.

Atatsala pang'ono kulemba, anaima.

"Dikira kaye. Aphunzitsi anati cheza chimayenda mphindi zisanu ndi zitatu. Ngati padzuwa panaphulika 10:14, ndiye kuti kuno chinafika 10:22. Pachimake ndiike 10:30."

"Mitu ina inu!" anatero Kalilole akuomba m'manja. "Wina akanaiwala zimenezo."

Phuma anamwetulira. Ndikunena zoona, anamwetulira, misozi isanaume n'komwe. Timabokosi tonse makumi anayi anatidzaza m'mphindi khumi.

6. Pepala pakhoma

A Maginito ataona mzerewo anagwira kumutu. Anazungulira tebulo kawiri, kenako anamugwira Phuma chanza ngati munthu wamkulu mnzawo. Chimwemwe chinawatseka m'maso moti za mphindi sanaziyang'ane. Tsiku lomwelo anatumiza manambala kwa mayi wina wa ku yunivesite, katswiri wa za dzuwa, amene ankasonkhanitsa zoyeza za masukulu ambiri.

A Maginito anawasindikizira a Mawaya pepala lawolawo la mzerewo. Bambowo analikhoma pakhoma la shopu, pamalo pamene panali kalendala. Lachinayi lonse aliyense wodutsa ankaitanidwa. Telala anabwera, wometa anabwera, ngakhale anyamata a mafoni aja anaoloka msewu.

"Mukuona pakwerapa? Limenelo ndi dzuwa. Kabokosi kanga kanalimva."

"Ndiye madala, mitembo ija yayamba kulankhula?" anafunsa mmodzi wa anyamatawo.

"Yayamba, ndipo ikucheza ndi kumwamba. Foni yakoyo inalimvapo dzuwa?"

Onse anaseka, ndipo ulendo uno ankaseka nawo, osati kuwaseka. Phuma anaima pakhomo, chikwama chili kumsana. Anati apite kunyumba, bambo ake anamuona.

"Ameneyu ndiye mlonda wake," anatero akumuloza. "Mumati sakhazikika. Masabata asanu ndi limodzi wakhala akudikira, osakhudza kanthu."

Atafika kunyumba n'kukhala pa chakudya, a Mawaya anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Waona? Ukanatsegula tsiku lija, bwenzi pano tikunena zina. Wandimvera, ndipo wandichotsa manyazi pamsika paja. Zikomo, mwanangu."

Phuma anakankhira mbale kumbali n'kupita kukagona.

7. Waya wa eriyo

Lachisanu m'mawa a Maginito anaitanitsa gulu lonse la sayansi ku labu. Nkhope yawo inali itagwa.

"Mayi aja ayankha. Masukulu ena khumi anagwira kuphulika komweku, ndipo onse akugwirizana pa nthawi. Ife tokha tachedwa ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Wotchi ya kompyuta ndaiyang'ana, ili bwinobwino. Akuti ngati vuto lili m'makina, manambala athu onse ndi otaya. Abwera okha lero 2 koloko."

Kalilole anaimika dzanja, kufuna kupulumutsa mnzake.

"Aphunzitsi, si zija munati cheza chimayenda mphindi zisanu ndi zitatu?"

"Chimayendadi. Koma nthawi imene amalengeza ndi imene chafika kale kuno. Masetilaiti oyezawo ali pafupi ndi dziko lathu lomweli. Ndani anakapachika wotchi padzuwa?"

Ena anaseka. Phuma sanaseke nawo. Kuchenjera komwe kuja anakumwetulira ndi kumene kunamugulitsa.

Uthenga utawapeza, a Mawaya anatseka shopu n'kubwera ndi chikwama cha zida. A Maginito anawauza kuti makina akatsegulidwa, za chionetsero zathera pomwepo. A Mawaya anati bola kudziwa chimene chalakwika kusiyana ndi kukaonetsa anthu chinthu chonama. Anayala nsalu pa tebulo, anatsegula kabokosi, anayamba kuyesa chidutswa chimodzichimodzi ndi mita yawo yoyezera magetsi. Aphunzitsi anamusiya Phuma kuti aziwathandiza, iwo n'kupita kukaphunzitsa.

Panatha maola atatu. A Mawaya sanadye, sanamwe.

"Tandigwirira apa."

Phuma anagwira.

"Tandiwerengera nambala iyi, maso angawa ayamba chinyengo."

Phuma anawerenga. Chidutswa chilichonse chinkapezeka chili bwino, ndipo chikapezeka chili bwino, nkhope ya bambo ake inkaipiraipira. Mtsikanayo ankangoti waima, wakhala, wapita pawindo, wabwerera.

Kenako a Mawaya anafika pa waya wa eriyo. Iwo ndi amanzere, ndipo waya aliyense amene anapotapo pa moyo wawo amazungulira kumanzere. Uyu anali wozungulira kumanja.

Anayang'ana waya uja nthawi yaitali. Kenako anakweza maso pamwamba pa magalasi n'kumuyang'ana mwana wawo. Sanakalipe. Anamasula waya n'kupotanso mwa njira yawo.

"Mayi aja akabwera, iwe usalankhule," anatero motsitsa mawu. "Ndiwauza kuti vuto ndalipeza, ndipo ndi langa. Ndakalamba, ndinaika chidutswa cholakwika. Ine anthu anandiseka kale, sayamba lero. Pepala lija ndikalichotsa pakhoma, anyamata aja aseka sabata imodzi, kenako aiwala. Koma mwana wa sukulu akamutcha wabodza, dzina limenelo amakula nalo. Amapita nalo kofunsira ntchito, ana ake amadzalipeza. Makina wina akhoza kupanga ena. Iwe ndilibe wina."

"Bambo, ine..."

"Ndati usalankhule. Kamodzi kokha pa moyo wako, chita chimene ndakuuza."

8. Mlendo

Galimoto inaima panja nthawi itangopitirira 2 koloko. Mayi a ku yunivesite anali aafupi, a imvi, atapanira mapepala m'khwapa. A Maginito anawalowetsa mu labu. Mayiwo anapereka moni, anayang'ana eriyo, anawerama kusuzumira m'kabokosi kotsegula kaja.

"Wapanga ichi ndani? Ntchito yake ndi yaukhondo."

A Mawaya anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ndine, mayi. Koma ndisakutayitseni nthawi. Cholakwa ndachipeza, ndipo ndi cha ine. Popanga makinawa ndinaika, ndinaika..."

Bodza silinkawakhala pakamwa bambo amenewa, ndipo aliyense ankatha kuona kuti akuvutika nalo. Phuma sanathe kupirira.

"Ayi, bambo."

Anali ataimirira.

"Makinawa alibe vuto, mayi. Lachitatu ndinawazimitsa ndine. Ndinawatsegula bambo atandiletsa. Manambala a pakati pa 10:05 ndi 10:45 si a dzuwa. Ndinalemba ndekha, ndipo mphindi zisanu ndi zitatu zija ndinawonjezera ndine."

A Maginito anatsamira khoma, pakamwa pali yasa.

Mayi aja sanadabwe. Anasolola pepala limodzi n'kuliika pa tebulo. Manambala omwe aja anali atawazunguliza kale ndi cholembera chofiira.

"Mzere woona umanjenjemera, mwana wanga. Wakowu ndi wosalala. Nditangouona ndinadziwa kuti walemba ndi munthu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthuyo ndani, ndiponso ngati angalankhule yekha." Anatembenukira kwa a Mawaya. "Ndipo inu bambo, munatsala pang'ono kukwirira makina abwino ali amoyo. Musachoke, ndili nanu mawu. Aphunzitsi, kaitaneni ahedi. Nkhani iyi siingathere m'chipinda muno."

A Maginito anatuluka.

A Mawaya anakhala pansi. Sanamuyang'ane Phuma. Anatenga sikuludiraiva kuti atseke kabokosi, koma sikulu inkakana kulowa. Phuma anatambasula dzanja kuti awagwirire chivindikiro.

"Siya," anatero bambo ake.

Pakhonde panamveka nsapato za ahedi zikubwera.